LEMBANI MATEBULO KUTI OSAONA NAWO AMVE

Alimi anzanga, sabata ino sindikamba za nkhokwe kapena za mbozi ai. Ndikamba za mapepala amene timalemberana m'makalabu athu, makamaka aja a mizere yopingasa ndi yotsika, amene ana a sukulu amawatcha matebulo. Mlembi wa kalabu amalemba tebulo la amene alipira ndi amene sanalipire. Msungichuma wa banki m'khonde amalemba tebulo la masheya ndi ngongole. Ifenso alangizi timalemba matebulo a kabzalidwe ka mbeu ndi kathiridwe ka fetereza. Masiku ano ambiri a mapepala amenewa amayenda pa foni. Tsono funso langa nali: kodi mnzathu wosaona amene ali m'kalabumo, nkhanizo zimamfika?

Musayese kuti anthu otere ndi owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu olumala m'dziko muno, pafupifupi theka ndi obvutika kuona. Ambiri a iwo ali m'midzi mwathu momwemu, ndipo amalima, amaweta ndi kusonkha masheya monga inu ndi ine.

FONI YOLANKHULA

Kale munthu wosaona akafuna kuwerenga yekha anali kudalira zala zache, kupapasa timadontho totukuka pa pepala. Kalembedwe kameneko anakakonza ndi Louis Braille wa ku France, amene anabadwa mu 1809, ndipo kakuphunzitsidwabe mpaka lero. Koma tsopano kwabwera chinthu china. M'mafoni amakono muli pulogalamu imene imawerenga mokweza mau olembedwa, kotero kuti mwini foni amamva ndi makutu zimene ife timaona ndi maso. M'mafoni a Android dzina lache ndi TalkBack, ndipo m'mafoni a iPhone ndi VoiceOver. Pa kompyuta pali JAWS, imene iri yogula, ndi NVDA, imene iri yaulere. NVDA anaiyamba mu 2006 ndi mnyamata wosaona wa ku Australia, dzina lache Michael Curran.

Mapulogalamu amenewa ndi anchito okhulupirika, koma ali ndi khalidwe limodzi limene muyenera kulidziwa: amawerenga chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndiponso amawerenga chokhacho chimene wolemba anachiika m'mau.

KULAKWA KWANGA

Ine ndinaphunzira zimenezi mochita manyazi. Chaka china mvula iri pafupi, ndinalemba pa pepala tebulo la katalikiridwe ka mbeu, ndipo ndinalijambula ndi foni ndi kulitumiza ku gulu la kalabu ina pa WhatsApp. Madzulo ache anandiimbira bambo wina wa m'kalabumo, mlimi wakhama amene anasiya kuona ali wamkulu kale. Anati, "Alangizi, foni yanga yangondiuza kuti mwatumiza chithunzi. Nanga m'chithunzimo muli chiani?"

Ndinapepesa, ndipo ndinalembanso zonse ndi zala pa foni, ndi kusiya mipata pakati pa manambala kuti aoneke oyang'anizana bwino. Kwa ine zinaoneka zaudongo. Koma bambo uja anaimbanso, nati, "Tsopano ndamva. Yati chimanga, mtedza, 75, 75, 25, 15, 1, 1. Kodi 15 ameneyu ndi wa yani? Ndi masiku kapena ndi makilogalamu?"

Ndinasowa choyankha. Manambala onse anali oona, koma kwa iye anali ngati mbeu zosakanizika m'lichero limodzi.

TEBULO LIRI NGATI MUNDA

Taganizani chonchi. Munthu woona akayang'ana tebulo ali ngati munthu woima pa chulu, amene aona munda wonse nthawi imodzi: uko chimanga, uko mtedza, uko malire. Diso lache likafika pa nambala, limathamangira pamwamba kukaona mutu wache, ndi kumanzere kukaona dzina la mwini wache, ndipo iye sazindikira n'komwe kuti lachita zimenezo. Koma wosaona ali ngati munthu wolowa mu mzere, amene ayenda phando limodzi limodzi. Kabokosi kali konse ka m'tebulo ndi phando. Ngati kumutu kwa mzere kulibe chikhomo chomuuza kuti muno ndi mwa mtedza, iye adzawerenga mapando koma sadzadziwa chabzalidwamo.

Tebulo likakonzedwa bwino, pulogalamu ija imatha kumuuza mutu pamodzi ndi nambala. Pa kompyuta munthuyo amagwira mabatani a Ctrl ndi Alt pamodzi ndi kamubvi, nayenda kabokosi ndi kabokosi, ndipo akalowa mu mzere wina amamva dzina la mzerewo. Chifukwa chache nchito yonse iri kwa wolemba, kuti akhome zikhomo m'malo mwache.

MALANGIZO KWA ALEMBI

Inu alembi a makalabu, asungichuma, ana asukulu amene mumalembera makolo anu, ndi inu alangizi anzanga, sungani mfundo izi.

1. Musatumize chithunzi chokha. Pepala lojambulidwa ndi foni liribe mau amene pulogalamu ingawerenge mosabvuta. Alipo mapulogalamu oyesa kuwerenga zithunzi, koma pa zolemba pamanja ndi pa matebulo amasokoneza kawirikawiri, ndipo pa nkhani ya ndalama kusokoneza nambala imodzi ndi mlandu.

2. Ngati mulemba pa kompyuta, pangani tebulo lenileni. Mu Word pitani pa Insert ndi kusankha Table. Musayale manambala ndi mipata monga ndinachitira ine.

3. Mzere woyamba ukhale wa mitu yokhayokha, monga Dzina, Masheya, Ngongole, Zobweza, Zotsala. Onetsetsani kuti pa mau akuti Header Row pachongedwa, pakuti ndicho chimene chimauza pulogalamu kuti imeneyi ndi mitu. Kudetsa zilembo kapena kuzikulitsa kumathandiza maso okha. Maina a anthu kapena a mbeu akhale mu mzere woyamba wotsika, kumanzere.

4. Musalumikize timabokosi. Ambiri timakonda kulemba mutu umodzi wakuti Chimanga pamwamba pa mizere iwiri, wina wa chamakolo wina wa haibulidi. Womvera amasochera pamenepo. Lembani mitu iwiri yathunthu: Chimanga cha makolo, Chimanga cha haibulidi. Ngati nkhani zachuluka, pangani matebulo awiri ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu.

5. Musasiye kabokosi kopanda kanthu. Womvera sadziwa ngati munthuyo sanalipire, kapena alibe ngongole, kapena mlembi anaiwala. Lembani 0, kapena mau akuti sanalipire.

6. Musadalire mtundu wa inki. Kulemba maina a angongole ndi zilembo zofiira sikuuza kanthu munthu womvera. Lembani m'mau kuti ali ndi ngongole.

7. Tchulani muyeso. Mutu unene kuti ndi makwacha, makilogalamu, masentimita kapena matumba. Pewaninso kudula mau, chifukwa mapulogalamuwa kawirikawiri amalankhula ndi lilime la Chingerezi, ndipo mau a Chichewa amawatchula mokhota ngakhale ali athunthu. Nanga odulidwa?

8. Pamwamba pa tebulo lembani chiganizo chimodzi chonena zimene ziri m'katimo, monga: Tebulo iri likuonetsa masheya ndi ngongole za mamembala 20 m'mwezi wa Okotobala.

POPANDA KOMPYUTA

Ndidziwa kuti makalabu ambiri alibe kompyuta, ali ndi foni yokha ndi kope. Musadandaule. Pa foni njira yabwino ndiyo kuphwasula tebulo ndi kulilemba m'mau, chinthu chiri chonse pa mzere wache, nambala iri yonse ndi mutu wache. Uthenga wachitatu umene ndinatumiza kwa bambo uja unali wotere:

Chimanga: mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, mbeu imodzi pa phando.

Mtedza wa CG7: mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 15, mbeu imodzi pa phando.

Sanaimbenso. Ndipo chimene chinandidabwitsa ndi chakuti amai ena oona bwinobwino anandiuza kuti uthenga umenewu ndiwo anaumvetsa msanga koposa tebulo lija. Mukhozanso kutumiza uthenga wa mau, koma wolembedwa uli ndi ubwino wakuti munthu akhoza kubwerera pa mzere umodzi wokha umene aufuna.

Pa msonkhano napo, mlembi powerenga kope asamangothamanga ndi manambala. Aziti, "Amai auje: masheya 5, ngongole K20,000, abweza K8,000, yatsala K12,000." Zimenezi zithandiza osaona, okalamba, ndi onse amene sanapite patali ndi sukulu.

YESANI NOKHA

Musanatumize, yesani nchito yanu. Uzani mwana akuwerengereni mokweza kabokosi ndi kabokosi, inu mutatsinzina. Pamene mungafunse kuti, "Nambala imeneyo ndi ya chiani?" pamenepo ndiye pofunika kukonza. Amene muli ndi foni ya Android mukhoza kuyatsa TalkBack pa Settings, pa mau akuti Accessibility, koma dziwani kuti ikayaka, chinthu chimatseguka mukachigogoda kawiri. Mu Word mulinso batani la Check Accessibility, pansi pa Review, limene limaloza zolakwa zina. Koma woyesa woposa onse ndi mwini wache. Mfunseni mnzanu wosaonayo kuti afuna zimfike motani. Safunsa anadya phula.

CHIFUKWA CHACHE

Wina adzati, "Kodi alibe mwana womuwerengera?" Inde, mwina ali naye. Koma taganizani inu, bambo kapena mai wa pa banja panu, kuti ngongole yanu iri yonse idziwike kwa mdzukulu kapena kwa mnansi inu musanaidziwe. Taganizaninso kuti pogawana ndalama kumapeto kwa chaka mukhale wongobvomera zimene ena anena, osatha kutsimikiza nokha. Munthu wasonkha ndalama zache ayenera kudziwerengera yekha. Lamulo la anthu olumala la 2024, limene linalowa m'malo mwa lija la 2012, limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, ndipo bungwe la Malawi Union of the Blind liripo kulankhulira osaona. Koma m'kalabu mwanu simuyenera kudikira lamulo kapena bungwe kuti muchite chinthu chosalira ndalama.

Kumbukiraninso kuti maso sakhalitsa. Ng'ala ndi ukalamba sizisankha, ndipo mlembi amene lero awerenga tizilembo tating'ono popanda mandala, tsiku lina adzafuna womuwerengera. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Tsono pa msonkhano ukudzawu, tengani nyuzipepala ino ndi kuwerengera mlembi wanu mfundo zisanu ndi zitatuzo. Funsani ngati alipo membala amene mauthenga a kalabu samfika bwino. Ndipo Mlangizi wa m'dera lanu akakutumizirani chithunzi cha tebulo, musaope kumuuza mwaulemu kuti alembenso m'mau.