Mmene Kompyuta Imamasulira Masamu

Anzanga, tonsefe taonapo kalaliki ataima pa sikelo m'minda ya tiyi muno m'Thyolo. Munthu aliyense akatula dengu, kalalikiyo alemba makilo, ndipo pakutha pa mwezi makilowo achulukitsidwa ndi mtengo wa kilo imodzi. Samuyo ndi imodzimodzi, koma ibwerezedwa kwa anthu mazanamazana. Ntchito yotere iyenera kompyuta.

Pali mapulogalamu odziwa alijebula, monga Maxima, imene inachokera ku Macsyma, yoyambidwa ku MIT ku America m'chaka cha 1968. Mu Maxima munthu alemba lamulo la samu yake kamodzi, nalipatsa dzina. Lamulo lotere alitcha function.

Tsono kompyuta simva alijebula. Imva chinenero chake cha manambala. Pali njira ziwiri zoiuzira. Yoyamba ifanana ndi womasulira wa m'tchalitchi: mlaliki anena mawu, iye namasulira, ndipo mlaliki akabwereza, iyenso abwereza kumasulira. Njirayi ichedwa. Yachiwiri ifanana ndi kumasulira buku lonse kamodzi, kuti mawa lingowerengedwa. Chochita ntchito imeneyi ndicho compiler. Grace Hopper anakonza china cha zoyamba mu 1952, ndipo cha FORTRAN chinatuluka ku IBM mu 1957. Mu Maxima mukalemba compile pamodzi ndi dzina la lamulo lanu, lamulolo litembenuzidwa m'chinenero cha Lisp, kenaka m'chinenero cha makina.

Compiler mungathe kuiuziratu mtundu wa manambala amene idzakumana nawo, polemba mode_declare. Mukati float, ndiye kuti ndi manambala a desimo. Mukati fixnum, ndiye manambala athunthu. Ikadziwiratu, sitaya nthawi kufunsa pa nambala iliyonse, kotero ifulumira.

Koma apa mpofunika kuchenjera. Alijebula isunga 1/3 monga momwe alili, pamene desimo imdula mchira. Makompyuta ambiri mukawapatsa 0.1 kuphatikiza 0.2 ayankha 0.30000000000000004. Kachotsalako nkakang'ono, komabe pa malipiro sitifuna kuti ngakhale tambala imodzi isokere. Nchifukwa chake odziwa ntchito awerenga ndalama m'matambala athunthu. Ndiponso mukalonjeza manambala athunthu koma sikelo nkuonetsa makilo 42.5, makina angakane kapena kupereka yankho lolakwa.

Chotero yambani mwayesa lamulo lanu ndi pensulo pa anthu awiri kapena atatu. Mayankho akagwirizana, pamenepo mulifulumizitse. Amene athyola tiyi pa mvula ndi makolo athu, ndipo fizi yathu ichokera m'dengu lomwelo.

Wophunzira wa Fomu 4