Maola ogona m'ndege amalembedwa m'buku la ndani?

Anthu akamva kuti ndimayendetsa ndege za maulendo ataliatali, amayamba ndi "Simuopa?", kenako n'kufunsa kuti ndili ndi maola angati. Amayembekezera nambala imodzi, ndipo nambalayo ilipodi. Koma mkati mwake muli maola amene ndinagwiradi chiwongolero, amene ndinangokhala pampando maso ali pa zida, ndi ena amene ndinali m'bulangete ndikuliza mkonono pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Maola amenewa salemera mofanana, ndipo salowa m'buku mofanana.

Woyendetsa ndege aliyense ali ndi logbook yake. Kale linali buku lenileni la mizere yambirimbiri, lero kwa ambiri ili pa tabuleti. Mzere uliwonse ndi ulendo umodzi: tsiku, mtundu wa ndege ndi nambala yake, kochokera, kofikira, nthawi, maola a usiku, ndi udindo umene unali nawo. Nthawi timalemba ya UTC, osati ya kumene tili, ndiye ku Lilongwe ikamakwana 8 koloko m'mawa, m'buku mwathu ndi 06:00. Wotchi yathu siyambira pamene matayala achoka pansi. Malinga ndi ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, imayamba ndege ikangosuntha ndi cholinga chonyamuka, n'kuima ndegeyo ikaimiratu pamalo pake ulendo utatha. Mphindi 40 zija mumang'ung'udza nazo ndege ili pamzere kudikira kunyamuka, ife timazilemba.

Pa ulendo wa Lilongwe kupita ku Johannesburg palibe chovuta. Oyendetsa ndi awiri, onse ali pampando kuyambira poyamba mpaka pomaliza, onse amalemba maola onse, wina ngati kaputeni, wina ngati wachiwiri wake. Nkhani imayamba ulendo ukatalika kuposa mmene anthu awiri angapirire. Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Atlanta ndi maola pafupifupi 16, ndipo wa Singapore kupita ku New York umapitirira 18. Malamulo a ku America otchedwa Part 117, amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2014, amalola oyendetsa awiri kuuluka maola 8 kapena 9 basi, kutengera nthawi imene ayambira ntchito. Akakhala atatu malire ndi 13, akakhala anayi ndi 17. Mipando yoyendetsera ndi iwiri yokha, ndiye otsalawo amakagona, kudikira nthawi yawo.

Amene anakwerapo basi ya Blantyre kupita ku Joni akudziwa za madalaivala awiri olandirana, wina ali pachiwongolero mnzake atadzipinda kumbuyo. Zathu ndi zomwezo, kungoti kugona kwake kuli ndi malamulo. M'ndege ngati Boeing 787 kapena Airbus A350 muli kachitseko kumbuyo kwa chipinda choyendetsera kooneka ngati ka kabati. Mukakatsegula mumapeza timasitepe tokwera pamwamba pa siling'i ya okwera akutsogolo, ndipo kumeneko kuli mabedi awiri opapatiza, aliyense ndi lamba wake womangira pa bulangete. Munthu wamtali amalowamo chowerama. Bedi lotere malamulo amaliika m'gulu loyamba. Mpando wogoneka wotchingidwa ndi katani uli m'gulu lachiwiri, ndipo mpando wongopendekeka uli m'gulu lachitatu. Malo ogona akakhala otsika, nthawi imene gulu lonse likuloledwa kukhala pantchito imafupikanso.

Tsopano tinene kuti ulendo ndi wa maola 15, oyendetsa anayi. Ndege ikafika pamwamba n'kukhazikika, mmodzi wa ife amatenga pepala, n'kuchotsa nthawi yokwera ndi yotsika, yotsalayo n'kuigawa pawiri. Awiri amene adzatsitse ndege nthawi zambiri amapatsidwa tulo tabwino, toti adzuke patsala ola limodzi kapena kuposerapo kuti titere. Aliyense amakhala pampando mwina maola 7 kapena 8. Nanga alemba 15, kapena 7?

Kaputeni wamkulu wa ulendowo amalemba onse 15, ngakhale amene anali mtulo. Ena amaona ngati n'kudyera masuku pamutu anzake, koma ine sindikuona choncho. Iye ndiye anasainira mafuta, kulemera kwa ndege ndi njira. Wokwera akadwala kwambiri, injini ikayamba kuvuta, kapena pakafunika kupatukira kubwalo lina, amadzutsidwa ndi iyeyo, ndipo chikalakwika amakayankha ndi iyeyo. Udindo wake sausiya pampando akamakwera timasitepe tija.

Kwa otsalawo zimatengera dziko limene linapereka chiphaso. Ku Ulaya malangizo a EASA, bungwe loona za chitetezo cha ndege kumeneko, amati wachiwiri wongolandira anzake m'mwamba alembe nthawi yokhayo imene anali pampando woyendetsera. Kwina makampani amangogawa ndi masamu: mukakhala atatu, magawo awiri mwa atatu, mukakhala anayi, theka. Palinso amene amalemba ulendo wonse, ponena kuti lamulo linawafuna m'ndegemo kuyambira poyamba, ndipo popanda iwo sikananyamuka. Mfundoyi si yopanda pake, koma imachititsa kuti anthu awiri amene anagwira ntchito yofanana akhale ndi manambala osiyana kwambiri akamafunsira ntchito kukampani imodzi. Ofunsa odziwa ntchito yawo amayamba ndi kufufuza mmene munthuyo ankawerengera.

Chimene chimawawa achinyamata n'chakuti kampani ili ndi kaundula wakenso wa kutopa, ndipo mmenemo ulendo wonse umawerengedwa. Ku Ulaya suloledwa kupitirira maola 100 m'masiku 28, kapena 900 m'chaka chimodzi. Ku America malire ndi 1,000 m'masiku 365. M'pake, chifukwa tulo ta m'kabedi kogwedezeka, masana a thupi lako, injini zikulira, sitilingana ndi ta kunyumba. Koma mnyamata kapena mtsikana amene akusaka maola 1,500 ofunika pa chiphaso cha ATPL, chimene munthu sangakhale kaputeni wa ndege zikuluzikuluzi popanda icho, akhoza kufika pamalire a chaka buku lake litangokula ndi theka la maolawo. Watopa ngati wina aliyense, koma zolemba n'zochepa.

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya olemba nthawi ya pampando yokha. Buku limenelo ndi umboni wa zimene munthu waona ndi kuchita, ndipo mtulo simuphunziridwa kanthu. Kunena zoona, ngakhale maola a pampandowo amanamiza. Ambiri mwa iwo ndege imakhala pa autopilot, ife tikuwerengera mafuta, kulankhula ndi oyang'anira mlengalenga, kuzemba mitambo ya mabingu ndi kukonzeratu kothawira zinthu zitavuta. Ndi ntchito ndithu, koma si ya manja. Ulendo wa maola 15 uli ndi kunyamuka kumodzi ndi kutera kumodzi, anthu ali anayi. Lamulo limafuna kuti munthu akhale atanyamutsa ndi kutsitsa ndege katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo si zachilendo woyendetsa wa maola masauzande kutumizidwa mu simulator kukakwaniritsa katatu kameneko, pamene mnzake wa timaulendo tifupitifupi amatera kangapo tsiku limodzi.

Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France 447, Airbus A330 yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inagwera m'nyanja ya Atlantic, anthu 228 n'kufa. Oyendetsa anali atatu. Kaputeni anali atapita kukapuma monga mwa dongosolo, kutsogolo kutatsala achiwiri awiri. Timapaipi toyezera liwiro titatsekeka ndi madzi oundana, autopilot inadzizimitsa, ndipo ndege inabwera m'manja mwa anthu usiku, pamwamba kwambiri. Lipoti la mu 2012 la BEA, bungwe lofufuza ngozi za ndege, linatchula, mwa zina, kuchepa kwa maphunziro oyendetsa ndege pamanja pamtunda wotero, komanso kusamveka bwino kwa kagawidwe ka udindo pakati pa otsalawo. Onse atatu anali ndi ziphaso zoyenera ndi maola masauzande m'mabuku awo.

N'chifukwa chake wachinyamata akandipatsa logbook yake kuti ndione, nambala yaikulu ya pansi pa tsamba ndimaidumpha kaye. Ndimayamba ndi danga la kutera: kangati, usiku kapena masana, komaliza kanali liti. Kenako ndimamufunsa kuti pa maola a maulendo ataliatali aja, angati anali a pampando.