Umalawi unachita kumangidwa

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule ndi yemweyo, chilankhulo n'chomwecho. Koma wochokera ku Dedza akafika pa chipata cha Mchinji amayenera kuonetsa chiphaso, chifukwa kumene akupitako ndi kunja. Malire amene amamuimitsawo anadula ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890. Nanga chinachititsa n'chiyani kuti Mchewa wa ku Dedza adzimve wa dziko limodzi ndi Mngonde wa ku Karonga, yemwe samvana naye chilankhulo, kusiyana ndi mbale wake wa ku Katete?

Anzeru a ku Ulaya anakangana kalekale pa funso lotere. Johann Herder wa ku Germany ankati mzimu wa fuko uli m'chilankhulo chake. Mu 1882, Ernest Renan wa ku France anatsutsa zoyeza fuko ndi magazi kapena chilankhulo. Kwa iye chachikulu n'zimene anthu anakumana nazo limodzi ndi kufuna kwawo kukhalabe pamodzi. Mbiri yathu ikugwirizana kwambiri ndi Renan.

Ambiri anayamba kudzizindikira ali kutali ndi kwawo. Ku migodi ya ku Joni ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia, palibe kapitawo ankafunsa ngati munthu ndi Mtonga, Myao kapena Mlomwe. Onse anali Manyasa, ndipo mnzawo akamwalira ankasonkherana n'kumuika okha. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anafika mpaka poyambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Kuno kumudzi, aphunzitsi, makalaliki ndi abusa ophunzira ku mishoni ankakhazikitsa timabungwe ta m'maboma, kuyambira ndi North Nyasa Native Association mu 1912. Timabungweti ndi timene tinabala Nyasaland African Congress mu 1944, mtsogoleri woyamba ali Levi Mumba, munthu wa kumpoto.

Chimene chinamanga mtolo kwenikweni ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakakamizidwa pa anthu mu 1953. Machona anali ataona ndi maso awo tsankho la ku Salisbury, ndiye sanafune kuuzidwa kawiri. Kamuzu Banda atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, ankalankhula Chingerezi, John Msonthi n'kumamasulira, koma namtindi wa anthu sunaone vuto. Pa 3 Malichi 1959 asilikali anawombera anthu osachepera 20 pa doko la Nkhata Bay, ndipo maliro amenewo analiridwa dziko lonse.

Mdani atachoka, mgwirizano sunachedwe kung'aluka. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu mu 1964, nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo mapeto ake ambiri anathawa m'dziko. Boma linayamba kumanga fuko ndi lamulo. Pa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party mu 1968 anagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha dziko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukagwira ntchito m'zigawo za kwawo, ndipo amene anavutika kwambiri anali ochokera kumpoto.

Kunena chilungamo, mfundo ya chilankhulo chimodzi inapindula. Lero munthu wa ku Nsanje amatsatsana malonda ndi wa ku Chitipa popanda womasulira, mwayi umene maiko ambiri a mu Africa alibe. Koma mtengo wake analipira ndi ena, ndipo ife amene tinayamwa Chichewa sitikonda kukumbutsidwa zimenezi. Chisankho cha 1994 chinaulula zonse: kumpoto kunavotera Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu, kummwera Bakili Muluzi.

Chichokereni nthawi imeneyo mitundu yadzutsa miyambo yake. Angoni a ku Mzimba ali ndi Umthetho ku Hora, a ku Ntcheu ali ndi Umhlangano, Alomwe amakumana kwa Chonde ku Mulanje. Palibe cholakwa pamenepo, pokhapokha andale akasandutsa bwalo la mwambo kukhala nsanja ya kampeni, zomwe zimachitika kawirikawiri.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni, Achewa ndi pafupifupi 34 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti palibe mtundu umene ungati dziko ndi lake lokha. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko limapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene akufuna, ndipo Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994. Komabe kufikira lero, mwa zilankhulo zonse za m'dziko muno, chimene mwana amalemba pa mayeso a boma ndi Chichewa chokha.