Agogo ofooka ndi matenda a trombose

Taganizirani agogo awiri a m'mudzi mwanu. Onse ali ndi zaka 75. Ena akulimabe, ndipo amapita okha kumsika. Enawo akangofika pacitsime, atopa kale. Zaka n'zofanana, koma matupi awo ndi osiyana. Agogo aciwiriwo ali ndi kufooka kwa ukalamba.

Kufookaku mungakuone ndi maso anu. Zizindikiro zake ndi 5:

1. Kuonda popanda cifukwa codziwika.
2. Manja kusagwira zolimba, khasu kapena ndowa n'kumapulumuka.
3. Kuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kale.
4. Kutopa masiku ambiri.
5. Kungokhala pakhonde tsiku lonse.

Ngati agogo anu ali ndi zizindikiro zitatu kapena kuposa, thupi lawo lafooka. Thupi lotere lili ngati nkhokwe yotsala ndi cimanga cocepa. Njala ikabwera, siyipirira.

Njala imodzi yotere ndi trombose, imene kucipatala amati AVC. Imabwera mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika. Mwadzidzidzi pakamwa pamakhota, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi umalefuka, mawu samveka bwino. Mukaona izi, musanene kuti "aaa, ndi ukalamba basi." Musadikire kuti kuce. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, thamangani nawo kucipatala. Panjira musawapatse madzi kapena cakudya, cifukwa akhoza kutsamwa.

Nanga kufooka kukubwerapo bwanji apa? Munthu wofooka akagwidwa ndi trombose amacira mocedwa. Akagona masiku ambiri, minofu yake imatha msanga ndipo khungu limacita zilonda. Akamameza movutikira, cakudya cimalowa m'mapapo n'kuyambitsa cibayo.

Dokotala amawaona agogo koyamba ali cigonere. Sadziwa mmene analili mwezi watha. Amene mukudziwa ndinu. Muuzeni nthawi imene vuto layamba. Muuzenso ngati ankayenda okha, ankasamba okha, ankadya bwino, ndi mankhwala amene amamwa. Mawu anuwo amamuthandiza kusankha cithandizo coyenera thupi lawo.

Mukabwerera nawo kunyumba, nchito ili m'manja mwanu. Podya akhale tsonga, osati cogona. Apatseni phala lolimbirako pang'onopang'ono, osawafulumizitsa. Ngati sangathe kudzitembenuza, atembenuzeni pa maola awiri alionse. Pindani ndi kuwongola dzanja ndi mwendo wodwalawo tsiku lililonse, mofatsa, monga akuphunzitsirani kucipatala. Powadzutsa, musakoke dzanja lodwalalo, mungapweteke phewa. Zimene angathe kucita okha, asiyeni acite, ngakhale acedwe.

Koma musadikire trombose. Kufooka kumatha kucepa. Agogo azidya nyemba, usipa, mazira ndi ndiwo zotendera, osati nsima ndi masamba okha. Aziyenda tsiku ndi tsiku, aziimirira ndi kukhala pampando kangapo. Mcere ucepe: munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiye kasupuni kamodzi ka tiyi.

Cimene cimabweretsa trombose kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timati tensau. Nthawi zambiri sikupweteka, ndiye munthu sadziwa. Sabata ino aperekezeni agogo kucipatala ca pafupi, akawayeze. Akawapatsa mapiritsi, azimwa tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino.