Tchuthi Chachitali Chafika: Kodi Ana Athu Adzabwerera Onse mu Sepitembala?



Teremu yachitatu ikutha, ndipo posachedwapa ana akhala m'manja mwa makolo usana ndi usiku. Chaka chilichonse tikatsegulira mu Sepitembala, ntchito yoyamba ya aphunzitsi ndi kuitana maina, ndipo pamakhala maina ena amene sayankhidwa. Tikafufuza timamva kuti uyu wayamba geni, uyo adatsatira amalume ake ku Joni, winayo ali ndi pathupi kapena walowa m'banja. Kawirikawiri nkhanizi zimayambira pa tchuthi chomwe chikubwerachi. Choncho taganiza zofotokoza mmene nyengoyi imayendera m'mabanja mwathu muno m'Ntcheu, kuti tonse tidziwe poika maso.

Chimene chimasiyanitsa tchuthichi ndi zina

Choyamba ndi kutalika kwake. Tchuthi cha Disembala ndi cha kumapeto kwa teremu yachiwiri chimangotenga masabata ochepa, pamene ichi chimayamba chakumapeto kwa Julayi n'kukafika mu Sepitembala. Kwa a Folomu 2 chimatalika koposa, chifukwa iwo amaweruka akangomaliza mayeso a JCE, anzawo a Folomu 1 ndi 3 akadali m'kalasi. A Folomu 4 nawo amakhala pakhomo miyezi ingapo kudikira zotsatira za MSCE kuchokera ku MANEB.

Dziko lathu lidaona kale zimene zimachitika ana akakhalitsa kunja kwa sukulu. Pamene sukulu zidatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wa boma adapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga pathupi ndipo maukwati a ana adafika pafupifupi 13,000. Tchuthi chathu sichitalika ngati nthawi imeneyo, koma gwero la vutoli ndi lomwelo: masiku ambiri, mwana wopanda chochita, ndi akulu otanganidwa kwina.

Chachiwiri ndi ndalama. Ino ndi nthawi imene mbewu zili m'nyumba ndipo misika yadzaza. Ku Tsangano, ku Lizulu ndi m'mbali mwa msewu wa M1, kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi zimayenda tsiku lililonse. Mnyamata wa zaka 16 akhoza kupeza ndalama ya m'thumba ponyamula matumba kapena poyendetsa kabaza, ndipo akailawa, sukulu imayamba kuoneka ngati njira yochedwetsa. Mtsikana wogulitsa m'mbali mwa msewu amakumana ndi anthu a ndalama amene alipo lero, mawa apita.

Ntchito ya pakhomo ndi geni

Sitikunena kuti mwana azingokhala. Kuthirira kudimba, kutonola chimanga, kupita kuchigayo, kuumba njerwa ndi kulera ang'ono ake ndi maphunziro amene sukulu singapereke. Mwana amene wathandiza kulima tomato amadziwa kumene yunifolomu yake yachokera. Chofunika ndi kusiyanitsa kuthandiza makolo ndi kulowa ntchito. Mwana amene wapita kumsika ndi mayi ake n'kubwerera nawo limodzi akuthandiza. Koma amene akuchoka mbandakucha yekha, n'kusunga ndalama zimene makolo sakudziwa kuchuluka kwake, n'kubwera usiku, wayamba moyo wa munthu wamkulu nthawi isanakwane.

Ngati mwana wagwira ganyu, khalani naye pansi muwerengere limodzi zimene wapeza, ndipo mugwirizane kuti gawo lina ligule makope, nsapato kapena juzi ya sukulu. Akagula yekha katundu wa Sepitembala, mtima wake umakhala kuti wayamba kale ulendo wobwerera m'kalasi.

Kuzizira

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo yozizira kwambiri, makamaka kumtunda monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, ndipo mphepo ya mwera imapitirira mpaka mu Ogasiti. Madzi otawazira pa swala ya Subuhi amaluma m'manja, ndipo ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba usiku. Apa pali ngozi imene ambiri sitiidziwa bwino. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, choncho munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo akhoza kufa ali m'tulo. Othani moto pamalo popita mphepo, ndipo mbaula ituluke panja anthu asanagone. Wina akadandaula mutu ndi chizungulire m'chipinda muli mbaula, mutulutseni panja nthawi yomweyo n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ophunzira amene mumasiyidwa ndi ang'ono anu, musawasiye okha pamoto kapena pafupi ndi madzi otentha. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi pafupifupi 20, osapakapo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Mwana wamng'ono amene akutsokomola n'kumapuma mofulumira kapena movutikira akhoza kukhala ndi chibayo, ndipo ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Jando ndi nsondo

M'mabanja ambiri achiyao, ino ndiyo nyengo ya jando ndi nsondo, chifukwa chakudya chilipo ndipo sukulu zatsekera. Pempho lathu kwa makolo ndi komiti ya mzikiti lili pa zinthu zitatu. Masiku olowa ndi otuluka agwirizane ndi kalendala ya sukulu, kuti mwana asaphonye masabata oyamba a teremu. Mdulidwe uchitike mwaukhondo, ndi mpeni wakewake kwa mwana aliyense, ndipo kumbukirani kuti kuchipatala kulinso mdulidwe wochitidwa ndi anthu ophunzira ntchitoyi. Chomaliza, akulu adziwe zimene ana akulangizidwa. Mwana akauzidwa kuti wakula, amve kuti wakula pa ulemu, ukhondo ndi udindo. Malangizo alionse omukankhira kukayesa zogonana amatsutsana ndi chipembedzo chathu komanso malamulo a dziko.

Maulendo ndi nkhani za ukwati

Tchuthi ndi nthawinso yochezera achibale ku Balaka, ku Mangochi, ku Lilongwe kapena kutsidya ku Mozambique. Kucheza ndi abale n'kwabwino, koma mwana asananyamuke, dziwani amene akamusamalire, chimene akachite, ndi tsiku lobwerera. Ana ena amapita kukathandiza azakhali kwa sabata ziwiri n'kukhazikika komweko ngati antchito a m'nyumba.

Pa nkhani ya ukwati lamulo silizungulira. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuchotsa mwayi woti mwana wa zaka 15 akwatiwe ndi chilolezo cha makolo. Izi zikukhudza ukwati wa mtundu uliwonse, nikah yomwe. Kwa anansi athu ku Dedza, Inkosi Kachindamoto idadziwika dziko lonse pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Tikupempha mashehe athu kuti azifunsa umboni wa zaka asanamangitse ukwati. Ndipo ngati mtsikana watenga pathupi, sukulu yake sinathere pomwepo: ndondomeko ya Unduna wa Zamaphunziro imamulola kubwerera akabereka. Mwana amene akukakamizidwa kukwatiwa kapena akuchitidwa nkhanza akhoza kuimba 116 kwaulere, kapena kukanena ku Victim Support Unit kupolisi.

Tsiku la mwana pakhomo

Chimene sukulu imapatsa mwana kuposa china chilichonse ndi ndondomeko ya tsiku: belu, nthawi yolowa, nthawi yoweruka. Pakhomo pathu ndondomekoyi ilipo kale, chifukwa swala zisanu zimagawa tsiku. Mwana adzuke pa Subuhi, agwire ntchito zapakhomo kum'mawa, ndipo pakati pa Zuhuri ndi Asri dzuwa litatenthako, akhale ndi buku ola limodzi. Nyengo ino dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, choncho kusiya kuwerenga kuti kuchitike usiku ndi kudalira nyali imene mwina kulibe. Ikamakwana Maghribi, aliyense akhale atafika pakhomo.

A Folomu 3 kumbukirani kuti mayeso a MSCE amafunsa za Folomu 3 ndi 4, monganso JCE imafunsa za Folomu 1 ndi 2. Makope a chaka chino asakulungidwe mandasi. Makolo amene simudapite patali ndi sukulu musadziderere. Kumufunsa mwana kuti akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene wawerenga lero n'kokwanira kumuchititsa kutsegula buku mawa. Foni nayo ikhale ndi nthawi yake, ndipo usiku igone kwa makolo.

Kwa komiti ya mzikiti, tikupempha kuti madrasa asatseke pa tchuthi, ndipo ophunzira akuluakulu apatsidwe mpata wothandiza ang'onoang'ono kuwerenga. Sabata ziwiri sukulu isanatsegulidwe, chilengezo cha tsiku lotsegulira chiperekedwe pa Ijumaa. Mukamva kuti mwana wina wa m'dera lanu sabwerera, kaya chifukwa cha ndalama, geni kapena ukwati, tidziwitseni mu Ogasiti momwemo, pamene mpata wokambirana ndi banja lake ulipo.

Tikufunirani tchuthi chabwino, ndipo In shaa Allah, tidzakumana mu Sepitembala dzina lililonse likuyankhidwa.