Mwana Akacepetsa Maora a Nchito ku England

Ena a inu muli ndi ana amene ali anamwino ku England, m'zipatala za Boma zochedwa NHS. Tsono mau akafika akuti, "Bambo, ndacepetsa maora a nchito kuti ndilere ana," musafulumire kumdzudzula poona kuti ndarama za fetereza zacepa. Tamverani umo zimayendera.

Kumeneko nchito yathunthu ndi maora 37 ndi theka pa mlungu. Wogwira theka la maorawo alandira theka la malipiro. Ici ncosabvuta kumva.

Ca penshoni ndico ambiri sacidziwa. Mwa malamulo a penshoni a caka ca 2015, malipiro a caka ciri conse amagawidwa m'zigawo 54, ndipo cigawo cimodzi cimalembedwa kuti munthu azidzalandira caka ndi caka atapuma nchito. Tiyerekeze kuti mwana wanu alandira mapaundi 32,400 pa caka. Pamenepo waika mapaundi 600 m'nkhokwe. Pa theka la maora aikamo 300 basi. Zikapita zaka khumi zotere, penshoni yace yatsika ndi mapaundi ngati 3,000 pa caka, moyo wace wonse. Koma zimene anasunga kale sizicotsedwa ai. Kodi cimanga ca caka catha cimaturuka m'nkhokwe cifukwa caka cino mwalima munda waung'ono?

Cimene ndiopa ine ndi ici: ena, pofuna kutumizabe ndarama kumudzi, amaturukiratu m'penshonimo. Potero amataya ndi ndarama zimene cipatala cimaikapo mwezi ndi mwezi. Mukamyankha muuzeni asaturuke, ngakhale thumba limodzi la fetereza lisowe caka cino.