Kamnyamata kopanda katundu pa ulalo

M'madimba a ku Bembeke, nyengo yokumba kachewere, matumba ena amawoloka khwawa pa ulalo wa mtengo umodzi. Tiyerekeze kuti mwini dimba sapitiriza kutumiza asanamve kuti oyamba afika pamsewu pomwe yaima lole. Ndiye akawoloka matumba awiri, kamnyamata kamathamanga kubwerera kudzanena kuti afika. Kali chimanjamanja, komabe kakaponda pa ulalo, wosenza thumba amaima tsidya, khosi likuwawa, mpaka katadutsa.

Umu ndi mmene Wi-Fi imavutikira, kaya ndi ya pa ofesi ku Dedza boma kapena ya foni imene ikugawira anzake intaneti. Zambiri zomwe timakopera zimayenda potsata dongosolo la TCP, lomwe maziko ake anawalemba Vint Cerf ndi Bob Kahn mu 1974. Fayilo imadulidwa timaphukusi tosapitirira mabayiti 1,500, ndipo foni yolandira imabweza uthenga wotsimikiza, wotchedwa ACK, wa mabayiti pafupifupi 40. Malamulo a mu 1989 amati utuluke umodzi pa maphukusi awiri alionse odzaza. Ukachedwa, wotumiza amabwerera m'mbuyo kuchepetsa liwiro, nthawi zina nkutumizanso zomwe zinafika kale.

Pa waya izi sizivuta, popeza opita ndi obwera ali ndi njira zawozawo. Mumlengalenga, pa tchanelo chimodzi, amalankhula mmodzi. Chida chilichonse chimayamba chamvetsera ngati kuli zii, nkudikira kanthawi, nkutulutsa chizindikiro choyambira, kenako uthenga, ndipo pamapeto Wi-Fi imabwezanso ACK yakeyake. Mwambo wonsewu suona kukula kwa phukusi. Kauthenga ka mabayiti 40 kamadya nthawi yoposa msinkhu wake, ndipo kakawombana ndi phukusi lobwera, onse awiri amayambiranso. Foni yomwe ili kutali, kuseri kwa khoma la njerwa, imalankhula pang'onopang'ono, choncho imakhalitsa pa ulalo ena onse atangoima.

Chomwe chimandipweteka nkuona mwana wasukulu akutha bandulo yake akukopera mabuku, akudandaula kuti netiweki yathawa kuseri kwa phiri, pomwe vuto lili m'chipinda momwemo. Wina akutumiza kanema wa ukwati pa WhatsApp, njira yotulukira yadzaza, ndipo timauthenga ta mwanayo taima pamzere kumbuyo kwa kanemayo. Wotumiza mabuku sakumva kuti afika, ndiye waleka kufulumira.

Akatswiri akhala akuchepetsa maulendo a kamnyamata aja. Wi-Fi ya 802.11n ya mu 2009 inayamba kumanga maphukusi ambiri mtolo umodzi nkuwayankha kamodzi, ndipo dongosolo lina la QUIC, lomwe linakhazikitsidwa mu 2021, limatsimikiza zigawo zingapo za maphukusi mu uthenga umodzi. Pakhomo, kanemayo adikire usiku, ndipo wokopera mabuku asendere pafupi ndi rauta, chida chogawa Wi-Fi.